Kulipira pa geti kuti ukaone nyanja? Nkhani ya paki ya ku Cape Maclear

Gulu lathu la banki mkhonde kuno ku Chibavi tinapangana kuti chaka chino tikagawana masheya tisakathere pa Chikale ngati zaka zonsezi, tipiteko kutali pang'ono. Wina anatchula Cape Maclear. Nde amayi ena aakulu pagulupo, amene amasunga bokosi, atamva zoti kumeneko kuli mbali ina amalipiritsa pa geti anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, amvekere "ine mwana wa ku Usisya ndikapereke ndalama kuti ndione madzi? Madzi omwewa ndakula ndikutsukiramo mapoto?" Tonse tinafa nalo phwete, koma ine pobwerera kunyumba funso lija linandikhala pamtima chifukwa silopusa ayi, ndipo ndikudziwa kuti ambiri kuno ku Mzuzu amaganiza chimodzimodzi. Nyanja tili nayo pamphuno, makilomita osakwana 50 kutsetsereka ku Nkhata Bay, ola limodzi wafika, wadya batala wako wootcha, madzulo wabwerako kudzafunda bulangete. Nde ku Mangochi akatipatsa chani chomwe ife tilibe?

Ine ndinapitako kawiri, nde ndiloleni ndifotokoze mmene ndimaimvera nkhaniyi, poti ndi yopiringizika kusiyana ndi mmene zithunzi za pa Facebook zimaonetsera.

Malo aja dzina lake la boma ndi Lake Malawi National Park. Anaikhazikitsa mu 1980, nthawi ya Kamuzu, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika pa mndandanda wa malo omwe ndi chuma cha dziko lonse lapansi, malo oyamba ku Malawi kuno kulowa pa mndandanda umenewo, zojambula za pamiyala za ku Chongoni zinachita kubwera pambuyo mu 2006. Dzinalo limapusitsa. Ukalimva umaona ngati nyanja yonse ndi paki, pomwe zoona zake nkuti ndi kachidutswa kochepetsetsa kumwera kwenikweni uko. Paki yonse ndi masikweya kilomita pafupifupi 94, Nyika yathuyi ndi yoposa 3,000, nyanja yonse ndi pafupifupi 29,600. Ndipo pa 94 imeneyo gawo lalikulu ndi mtunda, mapiri a ku Nankumba, phiri la Nkhudzi, phiri la Mwenya, ndi zilumba zoposa khumi monga Domwe, Mumbo, Thumbi ziwiri zija, Boadzulu, komanso zilumba za Maleri zomwe zili mbali ya ku Salima. Madzi enieni otetezedwa ndi masikweya kilomita 7 basi. Lamulo lake ndi loti kuchoka pagombe la malo a paki kulowa m'nyanja mamita 100, amenewo ndi madzi a paki, simuloledwa kuponya ukonde. Mukapitirira pamenepo mwalowa m'nyanja ya aliyense.

Mamita 100 ndi kutalika kwa bwalo la mpira. Munthu ungadabwe kuti kandime kochepa chonchi kangateteze chani m'nyanja yotalika makilomita oposa 550. Yankho lake ndi kansomba kamodzi, ndipo apa ndi pamene ife akumpoto nkhaniyi imatikhudza, chifukwa dzina la kansombako ndi lathu. Mbuna. Ndi mawu a Chitonga cha ku Nkhata Bay, ndipo analowa m'mabuku a sayansi chifukwa cha mzungu wina, Geoffrey Fryer, yemwe ankafufuza za nsomba za m'miyala pa Nkhata Bay pompa m'zaka za m'ma 1950. Lero munthu woweta nsomba m'galasi ku Germany kapena ku Japan amati mbuna, osadziwa nkomwe kuti akulankhula Chitonga.

Nditawauza zimenezi amayi a bokosi aja anandiyang'ana ngati ndapenga. "Mbuna? Tinsomba tija ana amawedza pamiyala tija, toti mphika wake sukoma nkomwe?" Eya amayi, timeneto.

Nkhani yake ili chonchi. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Banja la nsomba lomwe asayansi amati cichlid, momwe muli chambo, utaka, mcheni, chisawasawa ndi mbuna yomweyo, lili ndi mitundu yoposa 700 m'nyanja muno, ena amati mwina ikufika 1,000 poti ina sinapatsidwebe maina, ndipo pafupifupi yonseyo simungaipeze kwina kulikonse. Mbuna yokha ndi mitundu yoposa 350. Chinachititsa nchani? Mbuna ndi nsomba yokonda pakhomo. Imabadwira pamiyala, imadya ndere zomera pamiyala, imabisala m'ming'alu ya miyala, ndipo siyerekeza kudutsa pamchenga poyera kapena pamadzi akuya chifukwa kumeneko kuli mcheni ndi kampango zoidikira. Nde mulu uliwonse wa miyala, chilumba chilichonse, chili ngati mudzi womwe anthu ake sayenda. Pakapita zaka masauzande ambiri mudzi uliwonse umayamba kukhala ndi zakezake, ngati mmene Chinyanja cha pa Likoma chinasiyanira ndi cha ku Mangochi, kungoti apa chosiyana ndi mtundu wa khungu, kapangidwe ka mano ndi kakamwa. Zazikazi nazo zimasankha mwamuna poona mtundu, ya kumudzi kwa abuluu sifuna wachikasu, nde kusiyanako kumangokulirakulira mpaka mitundu iwiri yosakwatirana. Komanso nyanjayi m'mbiri yake yakhala ikuphwa kwambiri nkudzadzanso, zilumba zina za kumwera zinakhalapo mtunda wouma, madzi atabwerera nsomba nkuyambanso midzi yatsopano. Nchifukwa chake asayansi amaiyerekeza ndi zilumba za Galapagos zomwe zinamutsegula maso Charles Darwin, amati ukafuna kuona mmene zamoyo zimasinthira kukhala mitundu yatsopano bwera kuno.

Tsono mukamva kuti pali mbuna zina zomwe dziko lonse lapansi zimapezeka pa chilumba chimodzi chokha, mumvetsa chifukwa chake mamita 100 aja ali nkanthu. Ukonde umodzi wa maso ang'onoang'ono wokokedwa mobwerezabwereza pamalo amodzi ukhoza kumaliza mtundu wathunthu. Mumvetsanso chifukwa chake anatetezera mapiri omwe, poti ena amafunsa kuti paki ya nsomba ikutani ndi mitengo. Mitengo ikatha paphiri mvula imakokolola dothi kulitsitsira m'nyanja, matope aja amakwirira ndere pamiyala, madzi amachita mbuu, mbuna ilibe chakudya ndipo yaikazi siikuonanso bwino mtundu wa mwamuna. Phiri ndi nsomba ndi nkhani imodzi.

Izi zonse ndinaziwerenga ndisanapite koma sizinandilowe mpaka tsiku lomwe ndinaviika nkhope m'madzi pa Thumbi. Ine kusambira kwanga ndi kwa mwana wa ku Mzuzu, kogwira mwala, nde mnyamata wa boti anandiveka jekete yoyandamitsa ija nkundipatsa magalasi a m'madzi okhala ndi kapaipi kopumira, amvekere "achimwene musaope, ingogonani chafufumimba ngati muli pamphasa." Abale inu. Pamwamba pamadzi palibe chomwe umaona, miyala yotuwa basi, koma kungoti nkhope phava, pansi pali msika. Zabuluu zowala ngati malata atsopano, zachikasu ngati nthochi yakupsa, zamizeremizere ngati mbidzi, zina zamawangamawanga, zonse zili jijirijijiri kupala ndere pamwala, ndipo ukakhala chete umamva kaphokoso ka mano awo kuti tetete. Yaimuna iliyonse ili ndi kamalo kake kosaposa lichero ndipo ina ikangodutsapo ndi ndewu. Mnyamata uja anandigwira phewa nkundilozera ina yotuwa, yosaoneka bwino nkomwe, koma masaya ali tutumu. Inayang'ana uku ndi uku nkulavula tiana takuda ngati nyerere, tinayendayenda pang'ono, chithunzithunzi changa chitangodutsa tonse tinathamangira mkamwa mwa mayi wawo, iye nkutseka. Nsomba za banja limeneli m'nyanja muno pafupifupi zonse zimalera chonchi, mayi amasunga mazira mkamwa milungu itatu kapena kuposa, osadya. Ndinadzuka m'madzimo nditamwa ndithu chifukwa ndinafuna kukuwa ndili ndi paipi mkamwa.

Palinso ina yomwe sindinaione koma anyamata a maboti amakonda kuikamba, kalingono, imagona chammbali pamchenga ngati yafa, khungu lake ngati nsomba yoyamba kuwola, tinsomba tating'ono tikabwera kuti tidye maliro iyo nkudzambatuka nkutimeza. Zina ntchito yake nkuluma mamba a zinzake basi. Zina zazimuna zimamanga timilu tamchenga ngati zulu kuti zikope akazi. Nyanja yomwe timangoidziwa ngati gwero la ndiwoyi.

Kunena chilungamo mbuna zilipo ku Nkhata Bay, zilipo ku Likoma, ku Chizumulu, ku Ruarwe, ndipo zina za kuno nzokongola kuposa za kumwera. Ndipo pali nkhani yoseketsa koma yomvetsa chisoni, kale paki isanabwere anthu ogulitsa nsomba zamoyo kunja anatayira mbuna zochokera kumpoto pa Thumbi West, zinaswana mpaka lero zikulimbirana miyala ndi eni mudzi. Nde zina mwa zomwe mukaone kumeneko ndi anzathu akumpoto omwe anapita pa theba. Kusiyana kwake nkwakuti kuno kwathu palibe lamulo la paki loziteteza, ndi mafumu ndi makomiti a asodzi basi, ngati aja omwe a bungwe la Ripple Africa akhala akugwira nawo ntchito m'boma la Nkhata Bay. Kumwera kuja zilumba nzambiri moyandikana, ndipo pamalo ochepa umapeza mitundu yochuluka.

Tsopano pomwe pavuta. Paki zina mukalowa simupeza mudzi. Ife akumpoto tikudziwa bwino zomwe zinachitika ku Nyika pomwe ankaikulitsa mu 1978, anthu anasamutsidwa ndipo mpaka lero ku Rumphi ndi ku Chitipa alipo okamba nkhaniyo ndi mkwiyo. Ku Cape Maclear sanatero. Midzi isanu inasiyidwa momwemo, Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chizale, malire a paki anangoizungulira. Mudziwo si paki, koma ukangotuluka kuseri kwa nyumba yomaliza waponda paki, kutsogolo nyanja, kumbuyo phiri la boma. Pa nthawiyo anthu anali ochepa. Lero Chembe ndi tauni ndithu, anthu masauzande ambiri, malojii ndandanda m'mbali mwa gombe, mabala, mashopu, matchalitchi, mizikiti, matebulo oyanikapo usipa, onsewo panthaka yomweyo yomwe sinakule ndi phazi limodzi lomwe.

Nde taganizani. Munthu wabadwira pamenepo, munda ndi wochepa, ntchito ndi nyanja. Akuuzidwa kuti pamiyala apo pomwe agogo ake ankatchera usatchere, koma akuona boti la alendo likupita pomwepo tsiku lililonse kukaponyera nsomba buledi. Mkazi wake akufuna nkhuni, zophikira komanso zowambira nsomba, ndipo nkhuni zili kuphiri la paki, kumene amaloledwa kutola zouma zokha, ndi chilolezo, nkhwangwa ayi. Koma zouma zimatha, nde mtengo wauwisi umapezeka wauma mwadzidzidzi, mukundimva. Anyani a m'paki nawo sadziwa malire, amatsika kudzathyola chimanga. Woyang'anira paki akalanda ukonde iye akugwira ntchito yomwe lamulo linamutuma, msodzi naye akulira ukonde wa ngongole. Ine sindinapezepo woipa pamenepa ngakhale ndinapita ndili ndi maganizo oti asodzi ndi osamva.

Amene anandisintha maganizo ndi mkulu wina ndinamupeza ku Msaka akusoka ukonde wa chilimira pansi pa mtengo. Ndinamupatsa moni wa Chichewa, iye atamva kalankhulidwe kanga anandifunsa kwathu, nditati ku Mzuzu anangosinthiratu nkuyamba Chitumbuka. Kani ku Msaka ndi ku Mvunguti kuli akumpoto ambiri, Atonga ndi Atumbuka omwe anatsatira utaka ndi usipa kalekale nkukhazikika konko. Ndinati "adada, nanga bwanji anthu samvera za mamita 100 zija?" Anaseka, osasiya kusoka. Anati mbuna palibe amaifuna, ilibe msika, koma utaka umakonda kuunjikana pafupi ndi miyala ya pansi pamadzi, ndipo mwera ukalusa malo okhawo omwe bwato lingaime ndi kuseri kwa chilumba. "Nde iwe mwana wanga, mafunde akukutsata, ana kunyumba sanadye, utenga tepi kuyeza?" Ndinalibe poyankha. Koma mkulu yemweyo ndi amene anadandaulanso za achinyamata okoka ndi maneti a udzudzu, ati amenewo akudya mbewu. Ndipo sakunama, chambo chomwe kale chinali ndiwo wamba chinafika poti mu 2018 bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN linaika mitundu yake ina pagulu la zamoyo zomwe zatsala pang'onong'ono kutheratu. Boma limatseka nyanja kwa makoka ena kuyambira mu Novembala kuti nsomba ziswane, koma nyanja ndi yaikulu, maboti olondera ndi ochepa, mafuta ake mukuwadziwa.

Kutha kwa nsomba kuli ndi mbali ina yomwe imakukhudza iwe mlendo mwachindunji, likodzo. Cape Maclear inatchuka nalo ndipo si bodza. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi, munthu wodwala akakodzera m'nyanja mazira amaswa tizilombo tomwe timalowa mu nkhono, nkhono nkutulutsa tizilombo tolowa pakhungu la wosamba. Ofufuza omwe akhala zaka zambiri kumeneko anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha makoka a m'mbali mwa gombe, nkhono zinachuluka, matenda nawo nkukwera. Nde mukuona, ukonde wokokedwa pa Chembe umathera m'chikhodzodzo cha mwana wa sukulu. Izi sizoti muope madzi ayi, ngozi yaikulu ili pagombe la pamudzi pomwe pali anthu ambiri, mabango ndi madzi odekha, kuzilumba kwa miyala nkochepako. Mukabwerako dikirani milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu mukayezetse, mankhwala ake ndi praziquantel, amagwira bwino nyongolotsi zikakula, kumwa tsiku lomwe mwatuluka m'madzi nkutaya mankhwala. Ndipo tisanamizane, ku magombe akwathu kunonso likodzo liliko.

Pamwamba pa zonsezi pali nkhani zikuluzikulu zomwe msodzi wa ku Zambo alibe nazo mawu. Mu 2011 boma linapereka layisensi kwa kampani ya ku Britain, Surestream Petroleum, yofufuza mafuta m'nyanja, ndipo malo ake anali mbali yathu ino ya kumpoto, nkhani yomwe inadzutsanso mkangano wa malire ndi Tanzania mu 2012. A UNESCO anadandaula ngakhale paki ili kutali kumwera, chifukwa nyanjayi ili ngati mtsuko. Mtsinje wotulutsa madzi ndi umodzi, Shire, madzi ambiri amachoka ndi dzuwa, nde chomwe chatayikiramo chimakhala momwemo zaka zoposa 100. Ndi yakuya mamita pafupifupi 700 cha kumpoto kuno, koma kupitirira mamita 250 kutsika pansi kulibe mpweya woti nsomba nkukhalako, moyo wonse uli pamwamba ndi m'mbali, momwe mafuta otayika angafikire. Kenako cha m'ma 2021 kunabuka ina ya pulojekiti ya madzi akumwa ya Southern Region Water Board, yomwe thanki yake inayenera kukhala pa phiri la Nkhudzi, mkati mwa paki. Oteteza chilengedwe anati msewu wokwera phiri ugumula dothi kutsikira kwa mbuna, anthu a m'midzi anati ife tikumwa madzi a m'nyanja osathira mankhwala, ng'ona zikutigwira potunga, kolera ikutipha, inu mukulira nsomba? Nkhani ngati imeneyo ine sindingaiweruze ndili pa Katoto pomwe mpopi uli pakhomo. Nyanja nayo ili ndi zake, mu 2024 inakwera kwambiri mpaka kumiza magombe ndi malojii ambiri ku Mangochi, nde gombe lomwe munaliona pa chithunzi chakale mwina simukalipeza momwemo.

Za kayendedwe ndisatalikitse. Pamsewu ndi tsiku lathunthu, M5 kutsika Nkhata Bay, Chintheche, Dwangwa, Nkhotakota, Salima mpaka pa Golomoti, pamenepo nkukhotera msewu wa ku Monkey Bay, ndipo musanalowe m'tauni ya Monkey Bay pali mphambano yolowera ku Cape Maclear, makilomita ngati 18 okhotakhota m'mapiri. Nyengo ya mvula funsani kaye za milatho ya M5, tonse tikuidziwa khalidwe lake. M'njira yomalizayo muimeko pa Mwala wa Mphini, chimwala chachikulu chokhala ndi mizere ngati mphini za agogo athu, ambiri amaganiza kuti anatema ndi anthu koma ndi mvula ndi dzuwa, ndipo ndi chipilala chotetezedwa ndi boma. Njira ina ndi Ilala, yomwe kwawo kwenikweni ndi ku Monkey Bay komweko, mukwerera pa Nkhata Bay nkugona m'madzi, koma imeneyo ndi ya anthu opanda changu ndipo tsiku lake muzichita kufunsa ku jeti. Miyezi ya Juni mpaka Ogasiti kuli mwera, mafunde ake si masewera ndipo maboti ang'onoang'ono amavina, Seputembala mpaka Novembala madzi amakhala bata ndi oyera koma kutentha kwake munthu wa ku Mzuzu umachita kufuna kulira.

Ndatchula Ilala, nde ndikumbutse a CCAP anzanga kuti kumeneko nkwanu. Dzina loti Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone, kutchula mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, eni ake amangoti kwa Chembe. Mu Okutobala 1875 gulu la amishoni a ku Scotland lotsogozedwa ndi E.D. Young, momwe munali Dr Robert Laws, linafika pagombe limenelo ndi sitima yoyamba yotchedwa Ilala, yomwe anachita kuimasula zidutswazidutswa anthu nkusenza pamutu kulambalala mathithi a Shire. Livingstonia yoyamba inali pamenepo. Malungo anawasautsa, Dr William Black anamwalira mu 1877 ndipo manda ake ndi a anzake alipo mpaka lero pansi pa phiri, pafupi ndi geti ya paki. Mu 1881, chaka chomwe anabatiza munthu wawo woyamba Albert Namalambe, anasamukira ku Bandawe, kenako mu 1894 kukwera ku Khondowe. Nde sinodi yomwe likulu lake lili konkuno ku Mzuzu inayambira pamchenga wa kwa Chembe, ndipo Ilala yomwe tikukwera lero, ya 1951, inatengera dzina kwa kasitima kaja. Mandawo ndi osaoneka mochititsa chidwi, timitanda ndi miyala pansi pa mitengo, anyani akudumphadumpha pambali, koma ine ndinaimapo nthawi yaitali kuposa mmene ndinkaganizira.

Za geti zija tsopano, zomwe zinayambitsa mkangano wonsewu. Pa maulendo anga awiri aja, kulowa m'mudzi wa Chembe, kugona pa loji, kusamba pagombe la pamudzi, panalibe yemwe ankalipiritsa za paki. Mumalipira mukamalowa mbali ya Otter Point, kumapeto kwa gombe komwe kuli geti ya paki, kokwera mapiri, kapena mukapita kuzilumba. Mtengo wa Mmalawi ndi wotsika kwambiri kuyerekeza ndi wa mlendo wakunja, tengani chitupa chanu cha unzika. Ndalamayo imapita ku dipatimenti ya mapaki ndi nyama zakutchire, ndipo pali dongosolo loti gawo lina lizibwerera kumidzi yozungulira, ngati mmene zimakhalira ku Nyika ndi Vwaza, ngakhale mukafunsa anthu a pamudzi ngati amaiona mudzamva mayankho osiyanasiyana. Chenjezo limodzi lochokera pa zomwe zinandionekera ine ulendo woyamba. Tinagwirizana mtengo ndi mnyamata wina wa boti pagombe, iye amvekere zonse zili momwemo bwana, nsomba yootcha, magalasi, chilichonse. Tafika pa chilumba tikudya kampango wathu ndi mpunga, kunabwera woyang'anira paki ndi buku lake kufunsa malisiti. Mnyamata uja anayamba kuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Tinalipiranso, ndipo wa paki uja sanalakwe kanthu. Nde funsani poyera musanakwere kuti ya boti ndi zingati, ya paki ndi zingati, ndipo lisiti mugwire m'manja mwanu. Jekete yoyandamitsa muione ndi maso boti lisananyamuke, osati zoti ili pansi pa mpando.

Pobwerera amakuonetsani nkhwazi. Mnyamata amaimba likhweru, nkubaya kabango mkati mwa kansomba kuti kayandame, nkukaponya patali. Kumtengo kuja mumangoona kadontho koyera kakunyamuka, kenako chimbalame chija chili pafupi, mapiko tambasu, miyendo kutsogolo, nkutsomphola kansomba kaja osanyowa nkomwe nthenga, nkubwerera kukakuwa kumtengo mutu uli chagada. Ndi mbalame yomwe ili pamwamba pa chizindikiro cha boma lathu. Zokongola zedi, ngakhale ine pena ndimaona kuti nkhwazi zimenezi zasanduka aganyu, ndipo za buledi woponyera mbuna zija sindigwirizana nazo, nsomba yomwe matumbo ake anapangidwira ndere tikuidyetsa za ku bekale kuti tijambule selfie. Ndinamuuza mnyamata wa boti, iye anati "achimwene, ndikapanda kuponya buledi alendo amati sindinawaonetse kanthu, mawa akwera la mnzanga."

Pa msonkhano wathu wa Lachisanu lapitali ndinafotokoza zonsezi, mwina motalika kuposa apa, mpaka wapampando anachita kundidula kuti anthu aponye masheya. Tinavota, Cape Maclear inapambana ndi mavoti awiri okha, ena akuti minibasi ya hayala idya phindu lonse ndipo sakunama. Amayi a bokosi aja anati apita nawo koma pa geti sakalowa, iwo akatsikira ku Msaka kukaona mwana wa achimwene awo yemwe anapita ndi chilimira zaka zapitazo osabwerako. Koma dzulo anandiimbira foni madzulo, ati "iwe, magalasi a m'madzi unkanena aja, kodi ku Taifa amapezeka? Ufunseko mtengo. Si anga ayi, ndi a mdzukulu wanga."